Kanyanga ka Agogo ku Wusakile

M'bokosi lachitsulo limene agogo anga aamuna anabwera nalo kuchokera ku Dedza muli kanyanga ka gwape, kotalika ngati chala changa chamkombaphala. Anakadula kunsonga, n'kumata pabowopo kansalu koyera ka mazira a kangaude. Akakaika pakamwa, kankalira ngati kamwana ka gwape kamene kagwidwa ndi chilombo, ndipo make akamva ankatulukira m'tchire ali liwiro.

Agogo ankagwira ntchito pansi pa mgodi ku Nkana, ife tikukhala ku Wusakile. Lamlungu madzulo amuna ankasonkhana patsinde pa mango, Alamba, Abemba ndi ife Anyasa, aliyense ndi koitanira gwape kake: wina ka nyanga, wina ka bango, wina kungotsina mphuno basi. Woweruza anali galu wa aneba. Amene wamuimitsa makutu n'kumudzutsa pomwe wagona, ndiye wapambana, ndipo anzake ankamugulira chibuku.

Dziko lino linali la alenje kale migodi isanabwere. Ndi la Alamba, anthu a uta ndi misampha. Ngakhale mkuwa wa ku Luanshya unadziwika kwa azungu chifukwa cha ulenje: mu 1902 William Collier anawombera chilembwe, ndipo akuti nyamayo inagwera pa mwala wobiriwira ndi mkuwa. N'chifukwa chake mgodiwo anautcha Roan Antelope. Boma la Ndola linakhazikitsidwa mu 1904, Nkana inayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, Kitwe n'kubadwa mu 1936.

Mgodi umadya mitengo. Inkafunika yochirikiza njira za pansi, ndipo malasha a ku Wankie atayamba kuperewera nkhondo yachiwiri itatha, nkhalango zinadulidwa kuti zikhale nkhuni za migodi. Zotsalazo zikutha ndi makala. Imani pamsewu wa Ndola ndi Kitwe m'mamawa muone njinga zolemedwa ndi matumba. Gwape anathawira kutali, ndipo woitana anasowa womuyankha.

Ku America zinayenda mosiyana. Eni dziko akale kumeneko ankaitana nkhukundembo zakutchire ndi mafupa a phiko lake. Mu 1897 Henry Gibson wa ku Arkansas analembetsa kabokosi kamatabwa kamene kamalira ukakwecha chivundikiro chake. Mbalamezo zinatsala pang'ono kutha m'zaka za m'ma 1930, koma anazitetezera, ndipo lero zilipo mamiliyoni. Bungwe la National Wild Turkey Federation, lomwe linayamba mu 1973, limachititsa mpikisano wa osema zoitanira ku Nashville, kumene amaweruza kaliridwe ndi kukongola komwe. Luso lawo lili moyo chifukwa nyama yake ili moyo.

Chaka chilichonse ndimapita ku chionetsero cha zamalonda ku Ndola. Ndimaona mathirakitala ndi mafoni, koma mtima wanga umafuna katebulo kamodzi ka nkhalamba za Chilamba zotsala, zitaika zoitanira zawo, ana akumvetsera.

Mwezi watha ndinapeza kansalu ka kangaude kuseri kwa chitseko cha khitchini. Ndinakamatula mosamala ndi nsonga ya mpeni, n'kukamata pakanyanga ndi malovu monga ankachitira agogo. Nditauzira, mdzukulu wanga anadzidzimuka n'kufunsa kuti, "Agogo, chikulira n'chiyani?" Mwanayo gwape sanamuonepo. Ndinamukhazika pamwendo n'kuyamba kumuuza.