Kulawa Zatsopano ku Malambo

M'mwezi wa December mdzukulu wanga wa ku Lusaka anandifunsa funso limene poyamba ndinaliseka. Amai ace anali atagula shuga, mpunga ndi mabisiketi a Khrisimasi, nazitsekera m'kabati, ndipo mwanayo anafuna kudziwa cifukwa cace cakudya cimene cafika kale m'nyumba ciyenera kudikira tsiku. Nditaganiza bwino ndinaona kuti funsoli si la cibwana ai. Makolo athu analimbana nalo zaka zambiri, ndipo mafumu ena analiyesa nkhani ya ufumu weniweni. Tsono ndifuna kulongosola za mwambo umenewu monga ndinauonera kwathu ku Malambo, ndiponso monga mbiri ya anansi athu iusonyezera.

Dziko Lathu ndi Nyengo Zace

Malambo ndilo dzina limene timachula cigwa ca mtsinje wa Luangwa. Munthu wocokera ku Chipata amatsika zitunda kufikira alowa m'dziko lotentha la mitengo ya tsanya, m'mene muyenda mitsinje ya Lupande, Lutembwe ndi Msandile. Limeneli ndilo boma la Mambwe, dziko la Akunda. Akuluakulu amanena kuti makolo athu anacokera kumadzulo, naoloka Luangwa motsogozedwa ndi Mambwe, amene dzina lace likhala pa bomali. Mafumu a Akunda alipo asanu ndi mmodzi: Nsefu, ndiye wamkulu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Ife timatsata mtundu wa kwa amai, cotero m'banja mau a malume ndi a ambuya amalemera kwambiri.

Kuti mumvetse mwambowu, yambani mwakumbukira m'mene caka ca mlimi ciyendera. Mvula imagwa ca m'November kapena December, anthu nabzala. Pofika January nkhokwe zambiri zafika pansi, koma nchito ya kupalira ndiye yacuruka. February ndiye mwezi wowawitsa, pakuti cimanga cabereka, ndebvu zace zirikuoneka, maungu ali m'munsi mwace, ndipo munthu wanjala amapita tsiku ndi tsiku pakati pa cakudya cimene sicinakhwime. Lamulo la kudikira linabadwira m'mwezi umenewu.

Zinsononkho za Ambuya

Ndiri mwana wa zaka zisanu ndi zinai ananditumiza kukaingitsa anyani ku munda wa ambuya anga, m'mbali mwa mtsinje. Tinali titagona masiku awiri ndi phala lokha. Ndiri pa nsanja ndinayang'ana cimanga cija, mtima unandigonja; ndinathyola ziwiri, ndi kuziocha pa moto wa pansi pa nsanja, makoko ndi kukwirira mumcenga. Maso ace anali asanalimbe, ongotuluka mkaka, koma kufikira lero sindinadyenso cimanga cokoma cotero.

M'mawa mwace amalume anapeza mapesi awiri opanda ana, nalondola mapazi anga kufikira pa makoko. Sanandimenye. Ananditengera kwa ambuya, nati, "Amai, nyani wa miyendo iwiri uja ndi uyu."

Ambuya anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Iwe mwana, wadya ndani asanadye?"

Ine ndinati, "Ambuya, ndinali ndi njala."

Iwo anati, "Nanga ine ndakhuta? Nanga amene anatsegula munda uno, ali kumanda aja, alawa?"

Pamenepo anatsitsa cimanga cimodzi couma pa mbeu imene inali kulendewera pamwamba pa moto, nandiuza kuti ndicikonole ndi kuwerenga maso ace. Ndinawerenga kupitirira 300, ndi kusokonezeka. Ambuya anati, "Amenewo ndiwo mapando a caka ca mawa. Zako ziwiri zija wakhuta nazo kufikira dzuwa liti?" Ndinalibe poyankha, cifukwa njala inali itabweranso madzulo omwewo.

Patapita ngati sabata ziwiri tsiku linafika. Ambuya anayenda m'munda, natsina maso a cimanga ndi cikhadabo, naona kuti alimba. Anathyola zowerengeka pamodzi ndi dzungu limodzi, naphika. Asanadye munthu ali yense, iwo ndi amalume anapita pa tsinde la mtengo wa msolo kunja kwa mudzi, naikapo cimanga cimodzi ndi ufa pang'ono, naomba m'manja, nachula maina a akufa athu mmodzi mmodzi. Pobwera, ambuya analuma coyamba, kenaka amalume, kenaka amai, ndipo potsiriza mbale inafika kwa ife ana. Mbale yina inapita kwa nkhalamba ya pafupi nafe imene inalibe munda. Kuyambira tsiku limenelo tinadya mondokwa, maungu, mphonda ndi misale popanda wotiletsa.

Nditakula ndinazindikira kuti mwambowu unali kugwira nchito zingapo nthawi imodzi. Unali kusunga munda kuti njala ya February isadye nsima ya October. Unali kuulula mbala, pakuti pamene mudzi wonse ulikudikira, khoko laliwisi lopezeka pa dzala liri ndi mwini wace. Ndiponso unali kuletsa kaduka, cifukwa mwana wa munthu amene munda wace unacedwa sanali kuonerera mnzace alikudya. Paja amati liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi.

Ncwala ya Angoni

Cimene kwathu cinali m'manja mwa ambuya a banja, kwa anansi athu a kumtunda, Angoni, cinali m'manja mwa mfumu ya dziko lonse. Angoni anadza nao mwambowu kucokera kumwera, kumene Azulu ndi Aswazi ali nao kufikira lero. Kwa Aswazi dzina lace ndi Incwala, ndipo mfumu ndiyo iyamba kuluma zipatso za caka. Zwangendaba anaoloka Zambezi ndi anthu ace mu November 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Iye atamwalira mtundu unagawikana, ndipo mwana wace Mpezeni anadzakhazikika m'dziko lozungulira kumene tsopano kuli Chipata. Nkhondo zace zinali kutsikira ndi ku Malambo komwe, ndipo makolo athu anazidziwa bwino nthungo za Angoni.

Pa Ncwala magulu ankhondo anali kusonkhana kwa mfumu, nabvina ngoma ndi zishango zao. Munthu sanali kuloledwa kudya za m'munda zatsopano kufikira mfumu italawa. Taonani mphamvu imene iri m'lamulo lotere. Amene anena tsiku limene dziko lonse liyambe kudya, ndiye mwini dziko. Ndipo mfumu yaing'ono imene ikanalawa payokha ikanakhala ngati yanena poyera kuti yapanduka. Ndiponso msonkhanowo unali kuika ankhondo onse pamalo amodzi, okonzeka kupita kumene mfumu iwatume.

Mu January 1898 asilikari a Angerezi anabwera kucokera ku Nyasaland ndi mfuti zao zazikuru, nagonjetsa Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anamuombera mfuti mu February caka comweco, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Kuyambira pamenepo Ncwala inaleka, pakuti Boma latsopano silinafune kuona zishango zitasonkhananso. Panapita zaka 82 kufikira mu 1980, pamene Mpezeni wacitatu anaudzutsanso mwambowu, dziko la Zambia liri kale pa ufulu. Tsopano umacitika caka ndi caka ku Mtenguleni, Loweruka lotsiriza la February. Mfumu imalawa cimanga, dzungu ndi nzimbe, ndipo ng'ombe yamphongo yakuda imalasidwa ndi nthungo, mfumu nimwako mwazi wace.

Zindikirani mwezi wace: February, mwezi womwe uja wa nsanja ya ambuya anga. Ncwala imatsegula munda. Miyambo yina yaikuru ya cigawo cino imatseka nkhokwe. Malaila a ife Akunda, amene amasonkhanitsa mafumu athu m'dziko la Nsefu, amacitika m'cilimwe, zokolola zitalowa. Kulamba kwa Acewa ku Mkaika, pafupi ndi Katete, kumene kunadzutsidwanso mu 1984, kumacitika kumapeto kwa August. Cotero makolo anali ndi madyerero a mitundu iwiri: olawa pang'ono njala iri pakhomo, ndi odya mokhuta nchito itatha. Onse awiri anali kutsata munda.

Madyerero Ocokera ku Sitoro

Amishoni atafika anabwera ndi masiku ao. Ku Msoro mishoni inayambidwa ndi wansembe Leonard Kamungu, munthu wa ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, amene anamwalira komweko mu 1913. Ndipo macalici ena anatsatira m'madera ena a cigwaci. Aphunzitsi ena anatsutsa nsembe za pa msolo. Koma nzeru ya kudikira sanathe kuicotsa, pakuti ngakhale m'Buku Lopatulika, pa Levitiko 23, Aisrayeli analetsedwa kudya tirigu watsopano asanapereke mtolo woyamba. Cotero m'mabanja ambiri dengu loyamba linasiya njira ya ku msolo ndi kulowa njira ya ku chalici, kumene Akhristu amapereka za masika.

Cacilendo ceniceni cinali Khrisimasi. Tsiku limeneli silitsata munda wathu konse. Limafika pa 25 December, mbeu zitangomera, nkhokwe ziri kutha. Zakudya zace sizithyoledwa m'munda koma zimagulidwa: buledi, shuga, tiyi, mpunga ndi mafuta, kuonjezapo nkhuku ya pakhomo. Kale zinali kubwera m'masutukesi a amuna ocokera ku migodi ya ku Copperbelt, ku Walale ndi ku Joni. Pambuyo pace zinayamba kugulidwa ndi ndarama za thonje, zimene mlimi amalandira m'cilimwe. Ndipo mai amene afuna kuti ana ace adzamwe tiyi wa shuga pa Khrisimasi ayenera kubisa ndaramazo, kapena shugayo, miyezi ingapo, ana alikumuyang'ana m'maso. Amai anga anali kubisa shuga m'mphika wobvundikira pansi pa kama. Tinali kudziwa tonse pamene ali, koma phunziro la zinsononkho ziwiri lija linali litandikwanira.

Apa ndi pamene ndinaona kuti mwambo wakale sunafe, koma unangosintha cobvala. Kabati ya ku Lusaka ndi munda wa m'mbali mwa Lupande ziri ndi lamulo limodzi: cakudya cirikuoneka, koma tsiku lace silinafike, ndipo wonena tsikulo ndi mai wamkulu wa pa banja.

Mlendo Wosadziwa Mwambo

Koma ku Malambo kuli wina amene sadikira mfumu kapena ambuya, ndiye njobvu. Mu 1950 mfumu Nsefu anagwirizana ndi Norman Carr kupatula dera lina la dziko lace kuti likhale la nyama, alendo azidzaziona ndi kulipira. Ndipo mu 1972 nkhalango ya South Luangwa inakhala paki ya dziko lonse. Nyamazi zabweretsa nchito kwa ana athu ambiri ku Mfuwe. Komabe njobvu sizidziwa malire, ndipo zimakonda cimanga nthawi yomweyo imene ife ticikonda, cikayamba kukhwima. Usiku umodzi zingathe kumaliza munda umene banja lalima miyezi itatu. Anthu amagona ku nsanja, naomba zitini, nafukiza tsabola wosanganiza ndi ndowe. Ndipo ena, potopa, amathyola cimanga cisanaume bwino, cimene pambuyo pace cimaola m'nkhokwe. Munthu wotere sindingamdzudzule kuti waswa mwambo. Makolo anaika lamulo la kudikira kuti cakudya cisungike. Kumene kudikira kudzetsa citayiko, ambuya anga omwe akadathyola.

Inu a m'matauni, bvuto lanu ndi losiyana. Cimanga coocha ca kumadimba mumacipeza pa msika ngakhale mu August, ndipo buledi ali m'sitoro tsiku liri lonse. Palibe cokuletsani koma thumba lanu. Cifukwa ca cimeneci ana ambiri sadziwa kukoma kwa cinthu cimene munthu wacidikira, ndipo makolo ena amatsegula za Khrisimasi sabata isanafike, tsiku lenileni nakatenga ngongole, January nawapeza alibe ndi za sukulu zomwe.

Tsono mdzukulu wanga ndinamuyankha monga ambuya akadayankhira. Ndinati, banja liyambe kudya zokoma zace pamene zinthu zitatu zakwanira: cakudyaco cakhwima kapena tsiku lace lafika, kotero kuti kudya lero sikulanda za mawa, onse a pa banja alipo, kuti wina asadzapeze makoko okha, ndipo wamkulu walawa, mbale ya mnansi wosowa itapatulidwa. Mwanayo anandifunsa kuti, "Ambuya, nanga wamkulu pano ndani?" Ndinayang'ana m'nyumba monse, ndipo ndinapeza kuti ndine. Pa 25 December m'mawa amai ace anatsegula kabati, nandipatsa bisiketi woyamba, ndipo ndisanalume ndinachula dzina la ambuya anga.