Tsache Limene Linacita Umboni ku Mwanza

Msilikari akaturuka m'nkhondo, cuma cace cacikuru ndico kalata yace. Kalatayo inena gulu limene anatumikira, zaka zimene anakhalamo, ndi umo anacokera: kapena anamasulidwa mwaulemu, kapena anapitikitsidwa. Koma pepala silikhalitsa m'nyumba ya maudzu. Ciswe, mvula ndi moto siziopa cidindo ca boma.

Nkhondo ya Ajeremani inatha mocedwa m'maiko ano. General Paul von Lettow-Vorbeck anaoloka mtsinje wa Rovuma m'mwezi wa November 1917, nayenda miyezi yambiri m'dziko la Apwitikizi, asilikari a King's African Rifles, ambiri a iwo ana a Nyasaland, alikumlondola. Pambuyo pace analowa m'Northern Rhodesia nalanda Kasama. Pa 14 November 1918, ali pa mtsinje wa Chambeshi, anamva kwa Hector Croad kuti ku Ulaya mfuti zinaleka kulira. Pa 25 November anapereka zida ku Abercorn, kumene lero kuchedwa Mbala, ali ndi asilikari akuda oposa 1,100. Ndarama zowalipira analibe. Anthuwo anatsekeredwa ku Tabora, kumene nthenda ya fuluwenza inapha ena, ndipo otsala anabalalika kumka kwao.

Zinapita zaka 46. M'caka ca 1964, caka comwe anamwalira Lettow-Vorbeck ku Hamburg, boma la West Germany linabvomera kupereka ndarama kwa asilikari ace amene anali ndi moyo. Zimene zinacitika pa tsiku la malipiro anazifotokoza Charles Miller m'buku lace la 1974, Battle for the Bundu. Iye anena kuti ku Mwanza, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, kunasonkhana nkhalamba zoposa 300. Owerengeka okha ndiwo anaturutsa makalata amene mkuru wao wa nkhondo anawapatsa mu 1918. Ena anatambasula nsanza za zobvala zao za usilikari, koma nsanza munthu akhoza kubwereka kwa mnansi.

Pamenepo Mjeremani wogawa ndaramazo anatenga tsache. Mkuru ali yense pofika patsogolo anapatsidwa tsachelo m'malo mwa mfuti, nalamulidwa m'cijeremani kucita perete monga kale. Manja onjenjemera anakumbukira zimene mapepala anataya, ndipo Miller ati panalibe ndi mmodzi yemwe amene analephera.

Nzeru imeneyi inali yakuya. Kuguba kokha sikukanakwanira, pakuti wobvina Beni kapena Malipenga agubanso bwino. Koma kumva lamulo m'cinenero cacilendo ndi kulicita nthawi yomweyo, adziwa ndi iye yekha amene anapsa ndi dzuwa pa bwalo la perete.

Komabe tsache silinganene zonse. Lingatsimikize kuti munthu anaphunzira usilikari, koma silidziwa ngati anatumikira miyezi itatu kapena zaka zinai, ngati anapirira kufikira ku Abercorn kapena anazemba usiku njala itakula. Wokhulupirika ndi wothawa agwira tsache cimodzimodzi. Yowasiyanitsa ndi kalata ija inadyedwa ndi ciswe.

Ndipo kunali ena amene tsache silikanawathandiza konse: a tenga-tenga, amene anasenza zipolopolo ndi ufa wa magulu onse awiri, nafera m'njira ocuruka koposa asilikari. Iwo sanaphunzitsidwe perete, ndipo ambiri maina ao sanalembedwe m'buku liri lonse.