Mbiri ya SMTP ndi Vuto la Zilembo za Zinenero Zathu

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya ndondomeko imene makompyuta amatsata popatsirana makalata a pa intaneti, yodziwika ndi dzina lakuti Simple Mail Transfer Protocol, mwacidule SMTP. Cidwi cathu ciri pa zimene ndondomekoyi inacita ku malembedwe a zinenero za mu Africa.

M'caka ca 1971, Ray Tomlinson wa ku kampani ya BBN ku America anatumiza uthenga kucokera pa kompyuta ina kupita pa inzace kudzera pa ARPANET, ndipo ndiye anasankha cizindikiro ca @ kuti cilekanitse dzina la munthu ndi dzina la makina. Kwa zaka pafupifupi 10 makalata anali kuyendera njira imene inakonzedwera kutumiza mafaelo. Mu Ogasiti 1982, Jon Postel wa pa University of Southern California anafalitsa cikalata ca RFC 821, cimene cinakhazikitsa SMTP. Mwezi womwewo David Crocker anatulutsa RFC 822, yolongosola maonekedwe a kalata yeniyeniyo.

Kwa ife ophunzira zinenero, cokondweretsa n'cakuti SMTP inakonzedwa monga kukambirana kwa anthu awiri. Makina otumiza ayamba ndi moni, HELO, nadziwikitsa dzina lao. Pambuyo pace anena mwini kalata ndi mau akuti MAIL FROM, woilandira ndi RCPT TO, ndipo uthenga utsatira pa DATA, nutha ndi kadontho koima pakokha pa mzere. Makina olandira ayankha ndi manambala: 250 ndiko kubvomera, 550 ndiko kukana. Potsazika ati QUIT. Ngakhale makina sayamba nkhani asanapereke moni.

Koma Postel analamula kuti zonse zilembedwe mu ASCII, mndandanda wa zizindikiro 128 zokha, wokonzedwera Cingerezi ca ku America. Mmenemo munalibe ŵ wa m'Cicewa ca ku Malaŵi, ñ wa m'Cilozi, kapena ŋ wa m'Cibemba. Munalibenso zizindikiro zoonetsa kukwera ndi kutsika kwa liu, kotero kuti wofufuza wofuna kusiyanitsa mténgo wa m'thengo ndi mtengo wa katundu analibe pogwira. Cilembo cosadziwika cikalowa m'kalata, kawirikawiri cinali kufika kwa wolandira citasanduka cina, cifukwa makina ena a m'njira anali kudula gawo la nambala yace. Sitiganiza kuti panali njiru. Amisiriwo anali kulemberana okhaokha m'Cingerezi, ndipo malire a cinenero cao anasanduka malire a makina.

Kuno ku Zambia vutoli silinaonekere msanga kwa olemba Cinyanja, popeza malembedwe obvomerezedwa ndi Unduna wa Maphunziro mu 1977 akwanira pafupifupi onse mu ASCII. Yunivesite ya Zambia inayamba kutumiza makalata kudzera pa FidoNet mu 1991, ndipo ZAMNET inalumikiza dziko ku intaneti mu 1994.

Mankhwala anabwera pang'onopang'ono. Mu 1992 Nathaniel Borenstein ndi Ned Freed anakonza MIME, njira yosandutsa zilembo zacilendo, zithunzi ndi mau ojambulidwa kukhala zizindikiro za ASCII, kuti makina olandira azibwezere m'cimace. SMTP yokha sinasinthe, katundu ndiye anamangidwa mwa mtundu wina. Mu 1993 munabwera moni watsopano, EHLO, wolola makina olandira kunena zimene akhoza kucita. John Klensin anakonzanso malamulo onse mu RFC 2821 ya 2001 ndi RFC 5321 ya 2008.

Keyala ya kalata ndiyo inatsalira kwambiri. Uthenga unali kutha kunyamula ŵ ndi ñ, koma dzina la munthu loima patsogolo pa @ linakhalabe m'ASCII kufikira 2012, pamene RFC 6531 inaloleza zilembo za UTF-8 m'makeyala. Postel anali atamwalira mu 1998. Gmail inayamba kulandira makalata ocokera ku makeyala otere mu 2014, koma kufikira lero alipo maseva ambiri amene amawabweza.