Mafilimu a nthabwala za kutha kwa dziko

Mafilimu a nthabwala za kutha kwa dziko ndi gulu la mafilimu oseketsa amene nkhani yake imachitika dziko likuwonongeka, kapena litawonongeka kale, chifukwa cha nkhondo ya mabomba a nyukiliya, mliri, makina ogalukira anthu, kapena chimwala chogwa kuchokera kumwamba. Cholinga chake si kuchititsa mantha koma kunyogodola makhalidwe a anthu a lero, kuphatikizapo oonera filimuyo. Zimene zimanyogodoledwa kwambiri ndi wailesi yakanema, otsatsa malonda, makampani opanga mafoni ndi makompyuta, ndiponso anthu otengeka ndi makompyuta, masewera a pavidiyo ndi timabuku ta zithunzi, amene m'Chingerezi amatchedwa nerd kapena geek. Ambiri mwa mafilimuwa anapangidwa ku America ndi ku Britain, koma ilipo ina yodziwika yomwe inajambulidwa ku Ethiopia m'chilankhulo cha Amharic.

Nthabwala yaikulu m'mafilimuwa ndi imodzi: zonse zagwa, koma anthu akupitirizabe zizolowezi zawo ngati palibe chachitika. Mzinda wasanduka phulusa, woulutsa nkhani akuwerengabe nkhani. Chakudya chatha, wina akufunafuna pogwira netiweki.

Chiyambi

Mafilimuwa anabadwa m'nyengo imene America ndi Soviet Union ankaopsezana ndi mabomba a nyukiliya. Mu Okutobala 1962 mayiko awiriwa anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha mizinga imene Soviet Union inaika ku Cuba. Mu 1964 Stanley Kubrick anatulutsa Dr. Strangelove, momwe Peter Sellers anasewera anthu atatu osiyana. Mkulu wina wa asilikali a America, mutu utamusokonekera, akutumiza ndege kukaponya mabomba ku Soviet Union, osadziwa kuti adaniwo ali ndi makina amene amabwezera okha ndipo palibe angawazimitse. Dziko likutha, akuluakulu akukambirana za mmene iwo angakhalire m'migodi, mwamuna aliyense ndi akazi khumi.

Filimu imene inaloza chala pa ofalitsa nkhani mwachindunji ndi The Bed Sitting Room ya 1969, imene Richard Lester anaipanga kuchokera ku sewero la Spike Milligan ndi John Antrobus. Nkhondo ya m'filimuyi inatha m'mphindi ziwiri ndi masekondi 28, ndipo ku Britain kunatsala anthu pafupifupi 20. Aliyense wa otsalawo akugwirabe ntchito ya bungwe lathunthu. Magetsi a dziko lonse akuchokera kwa munthu mmodzi wopalasa njinga. Wailesi ya BBC ndi bambo mmodzi, woseweredwa ndi Frank Thornton, amene amayenda khomo ndi khomo atavala jekete labwino kumtunda kokha, kumunsi nsanza, n'kumalowetsa mutu m'chibokosi chopanda kanthu cha wailesi yakanema kuti awerenge nkhani zakale. Filimuyi sinapindule itangotuluka, koma chithunzi cha bamboyu chimafotokoza mtundu wonse wa mafilimuwa kuposa china chilichonse.

A Boy and His Dog ya 1975, yochokera ku nkhani ya Harlan Ellison, inaika zochitika zake m'chaka cha 2024. Opulumuka nkhondo amalipira zitini za chakudya kuti aonere mafilimu akale ong'ambikang'ambika.

Wailesi yakanema ndi malonda

Idiocracy ya Mike Judge inatuluka mu 2006. Joe Bauers, msilikali wa nzeru wamba woseweredwa ndi Luke Wilson, akugonekedwa m'bokosi pa kafukufuku wa asilikali mu 2005, n'kuiwalika, n'kudzuka mu 2505. Akupeza zinyalala zaunjikana ngati mapiri, pulogalamu yotchuka pa wailesi yakanema ndi ya munthu womenyedwa kumaliseche mobwerezabwereza, ndipo pulezidenti ndi katswiri wakale wa masewera ogwetsana. Mbewu zikufota chifukwa minda ikuthiriridwa ndi chakumwa chotchedwa Brawndo, ndipo nduna za boma zikafunsidwa chifukwa chake zimangobwereza mawu otsatsira chakumwacho. Joe akuoneka wanzeru kuposa onse chifukwa chonena kuti mbewu zimafuna madzi. Kampani ya 20th Century Fox inaonetsa filimuyi m'nyumba zochepa za kanema popanda kuitsatsa kwenikweni, ndipo inadzatchuka pambuyo pake pa DVD.

Filimuyi ili ndi chilema chimene openda mafilimu akhala akuchitchula. Imayamba ndi ganizo loti dziko linapusa chifukwa anthu osaphunzira ankabereka ana ambiri pomwe ophunzira ankazengereza. Apa nthabwala yachoka kwa makampani n'kugwera osauka, ndipo ganizo loti umbuli umayenda m'magazi ndi lomwe linagwiritsidwapo ntchito kuzunza anthu m'mayiko angapo. Mbali ya Brawndo ndi yakuthwa. Chiyambicho ndi chosalungama.

WALL-E ya kampani ya Pixar, yotsogoleredwa ndi Andrew Stanton mu 2008, ndi ya zojambula ndipo ana amaikonda. Kampani imodzi, Buy n Large, inagulitsa katundu mpaka dziko linakwiririka ndi zinyalala, ndipo anthu anathawira m'chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Axiom. Patapita zaka 700 zidzukulu zawo sizithanso kuyenda. Zimakhala pa mipando yoyenda yokha, maso ali pa sikirini, kulankhula pa kanema ndi munthu amene ali pambali pawo. Filimuyi inapata mphoto ya Oscar ya filimu ya zojambula mu 2009.

Mnyamata wa pakompyuta

M'mafilimu akale a nkhondo, wopulumuka amakhala mwamuna wamphamvu wodziwa mfuti. Mafilimu a nthabwala anatembenuza zimenezi n'kuika patsogolo munthu wamanyazi, wokonda kudzitsekera m'chipinda. Amamuseka, komanso amamukonda, mwina chifukwa olemba mafilimuwa ndi oonera ambiri ndi anthu a mtundu womwewo.

Mu Shaun of the Dead ya Edgar Wright, ya 2004, akufa akudzuka n'kumadya amoyo mu London, koma Shaun, woseweredwa ndi Simon Pegg, akupita kusitolo m'mawa osazindikira kanthu, chifukwa anthu oyenda ngati ogona anawazolowera kale. Akasintha matchanelo a wailesi yakanema amadumpha chenjezo lililonse lisanathe. Vutolo litatha, akufa oyendawo akulembedwa ntchito zotsika ndi kuonetsedwa pa mapulogalamu a mipikisano, ndipo Shaun akusunga mnzake Ed, amene wasanduka mmodzi wa iwo, m'kanyumba kakuseri kuti azisewerabe naye masewera a pavidiyo. Zombieland ya 2009 ili ndi Columbus, wophunzira wamantha woseweredwa ndi Jesse Eisenberg, amene anapulumuka chifukwa ankakhala yekha n'kumasewera World of Warcraft. Ali ndi mndandanda wa malamulo opulumukira omwe amalembedwa pa sikirini ngati malangizo a masewera. Turbo Kid ya 2015, yopangidwa ndi anthu a ku Canada ndi New Zealand, ili ndi mnyamata wotolera timabuku ta zithunzi m'dziko louma momwe aliyense, ngakhale zigawenga, amayenda pa tinjinga ta BMX.

Crumbs

Crumbs inaonetsedwa koyamba mu 2015 pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Rotterdam. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Miguel Llansó wa ku Spain, koma osewera ake ambiri ndi a ku Ethiopia ndipo mbali ina inajambulidwa ku Dallol, dera lotentha kwambiri la nthaka yamchere. Daniel Tadesse akusewera Candy, munthu wamfupi wokhala ndi wokondedwa wake m'nyumba yakale ya masewera ogubuduza mipira. Nkhondo yaikulu inatha kalekale, kumwamba kwalendewera chombo chakufa, ndipo Candy akuyamba ulendo wokafuna Santa Claus.

Chimene chimasiyanitsa filimuyi ndi zinzake ndi mmene imaonera katundu wa kunja. Zimene zatsala pa chitukuko chonse ndi nyenyeswa, monga dzina la filimuyo likunenera: kachidole ka Teenage Mutant Ninja Turtles, lupanga la pulasitiki, chimbale cha Michael Jackson. Anthu amazisunga ngati zithumwa, amapemphera pa guwa lokhala ndi chithunzi cha Michael Jordan, ndipo wogula zinthu zakale amafotokoza mbiri yabodza ya chilichonse ndi nkhope yosaseka asanatsitse mtengo. Mafilimu a ku America amaseka anthu okhuta katundu. Crumbs imayang'ana kuchokera kumene katunduyo amafikira atatha ntchito, ndipo aliyense wozolowera msika wa kaunjika, momwe malaya olembedwa dzina la timu yosadziwika amagulidwa ndi kunyadiridwa, sangavutike kuimva.

Mafoni ndi eni makampani

Mu 2021 Netflix inatulutsa mafilimu awiri a mtunduwu. Mu The Mitchells vs. the Machines, pulogalamu ya pafoni yotchedwa PAL ikukwiya mwini wake ataitaya, n'kulamula maloboti kugwira anthu onse. Ambiri akugwidwa mosavuta PAL itazimitsa Wi-Fi n'kuwalonjeza yaulere. Banja limodzi likupulumuka, mwa zina chifukwa maloboti amasokonezeka akaona galu wawo wonenepa, osadziwa ngati ndi galu, nkhumba kapena buledi.

Don't Look Up ya Adam McKay ndi yowawa kuposa pamenepo. Akatswiri awiri a zakuthambo, oseweredwa ndi Leonardo DiCaprio ndi Jennifer Lawrence, akupeza kuti chimwala chachikulu chigunda dziko m'miyezi isanu ndi umodzi. Pulezidenti akuganiza za chisankho. Pa pulogalamu ya m'mawa ya wailesi yakanema nkhaniyo ikuikidwa pambuyo pa nkhani ya oimba awiri osiyana chibwenzi, ndipo katswiri wamkaziyo atapsa mtima akusanduka choseketsa pa intaneti. Ntchito yophwanya chimwalacho ikuimitsidwa ndi mwini kampani ya mafoni, Peter Isherwell, amene akufuna kukumbamo miyala ya mtengo wapatali. Dziko likuthadi. Kumapeto mwana wa pulezidenti akutuluka m'zigumukire n'kuyamba kudzijambula pa foni kuti atumize kwa omutsatira, amene onse afa. McKay ananena poyera kuti chimwalacho chikuimira kusintha kwa nyengo. Openda mafilimu anagawanika, ena akuti nthabwala zake ndi zokuwa kwambiri, koma asayansi angapo a zanyengo analemba kuti zimene akatswiri a m'filimuyi anakumana nazo ndi zomwe iwo amakumana nazo.

Kuyerekeza ndi chigwa cha Shire

Zimene mafilimuwa amazipeka, maboma a Chikwawa ndi Nsanje anaziona pang'ono ndi maso. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anadula dera la Makhanga moti thandizo linkafika pa boti ndi pa helikopita. Namondwe wa Idai anabweretsanso madzi mu Malichi 2019. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira m'boma la Chikwawa, ndipo dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130, zomwe zinachititsa kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Komabe nthabwala za mafilimuwa sizikwanira bwino pa chigwachi. Zimalembedwera anthu amene zipangizo zawachulukira, pomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi ndi mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse amene ankaunikira magetsi. Munthu amene wakwera pa chulu kufuna netiweki madzi atazungulira mudzi si chitsiru cha m'filimu. Akufuna kuitana boti, kapena kulandira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba kuchokera kwa mbale wake wa ku Blantyre. Ngakhale nkhani ya chenjezo losamvedwa, imene ili pakati pa Don't Look Up, ili ndi nkhope ina kuno. Boma lakhala likupempha anthu okhala m'malo osefukira madzi kuti asamukire kumtunda, ndipo ambiri amene amabwerera amabwerera chifukwa m'madimba a m'mbali mwa Shire ndi mmene muli chinyezi ndi chakudya, osati chifukwa atengeka ndi wailesi yakanema. Mnyamata wokonda kumasula mawailesi nayenso ali ndi mbiri ina m'Malawi: The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yotsogoleredwa ndi Chiwetel Ejiofor, imamuonetsa William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ngati wopulumutsa mudzi pa njala pogwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi buku la mulaibulale.

Kuseka zinthu zachilendo ndi eni ake si kwatsopano m'chigwachi. Gule Wamkulu, amene amavinidwanso pakati pa Amang'anja ndipo Matthew Schoffeleers anamufufuza m'derali, ali ndi magule monga Simoni ndi Maliya amene amatsanzira alendo ndi makhalidwe awo, komanso zilombo zooneka ngati galimoto. Bungwe la UNESCO linazindikira guleyu mu 2005. Pa siteji ndi pa wailesi, Izeki ndi Jakobo, omwe anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, komanso sewero la Tikuferanji la Michael Usi, anazoloweretsa Amalawi kuseka pa nkhani zowawa monga umphawi ndi Edzi.

Wailesi yakanema inafika mochedwa m'Malawi, pamene Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Mafilimu akunja amafika kwa anthu ambiri kudzera m'mavidiyo shoo a m'misika ndi m'malo owotchera nyimbo, komwe amaikidwa pa memori khadi kapena pa fulashi. Ambiri amakhala omasuliridwa m'Chichewa ndi munthu mmodzi amene amalankhulira osewera onse, kuwapatsa mayina akuno ndi kuwonjezera nthabwala zake, moti ngakhale filimu yoopsa imafika kwa oonera itasanduka yoseketsa.