Paul Ngozi ndi gitala yake yaukali

Ku Kabwata, mu Lusaka, kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi. Ndikachoka kwathu ku Lilayi kupita m'tauni, nthawi zina ndimakhotera dala kumeneko, ndipo ndimadzifunsa kuti mwa anyamata amene amagulitsa zinthu m'mbali mwake, ndi angati anamvapo kulira kwa gitala ya mwini dzinalo.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949. Asanakhazikitse gulu lake, anaimbako ndi Musi-O-Tunya, gulu la Rikki Ililonga lomwe linakhalapo ku Kenya. Inali nyengo imene achinyamata a mu Zambia ankamvera Jimi Hendrix ndi Black Sabbath, n'kusakaniza phokoso limenelo ndi ng'oma zakwathu. Chinatulukamo ndicho Zamrock. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti nyimbo zambiri zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko muno, oimba anapeza mpata, ndipo fakitale ya Teal ku Ndola inali kalikiliki kudinda zimbale.

Gulu la Paul, Ngozi Family, linatulutsa Day of Judgement mu 1976, Chrissy Zebby Tembo ali pa ng'oma. Ndicho chimbale chimene azungu amatamanda kwambiri, makamaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles itachidindanso. N'chabwino ndithu: gitala ikuchita kubangula ngati galimoto yothyoka ekizozi, ng'oma zikuthamanga ngati pali wozipirikitsa. Koma kwa ine, mmenemo Paul anali akadavala jekete yobwereka. Chingelezi chambiri, ukali wambiri, Lusaka pang'ono.

Ndimamupeza bwino mu 45,000 Volts ya mu 1977 ndi mu The Ghetto. Apa ukali wa gitala sunachepe, koma unapeza chonena. Anayamba kuimba kwambiri m'Chinyanja cha m'makomboni, chija chimalankhulidwa pamsika ndi pampopi, ndipo nkhani zake zinali za umphawi, mowa, miseche, ana osowa owasamala. The Ghetto ndi chimbale chomvera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osadumpha, chifukwa zonse zikuzungulira mutu umodzi, monga ankachitira magulu a progressive rock ku Britain. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankakonda nthano ndi maloto, pamene iye ankaimba za anthu oti ukatuluka panja ukumana nawo. Akuluakulu amene anamuona pasiteji amakonda kusimba zoti ankaliza gitala ndi mano. Ine zimenezo sizinditenga mtima kwenikweni. Hendrix anazichita kale.

Kenako zinthu zinathina. Mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zogulira zimbale zinasowa, nkhondo ya ku Rhodesia inabweretsa malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo disiko ndi kalindula zinalanda mabwalo. Nyimbo zake za m'ma 1980 n'zofatsirako. Anamwalira mu 1989, ali ndi zaka 40, m'nyengo imene Edzi inatenga oimba ambiri a Zamrock.

Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Paul yotchedwa Nizakupanga Ngozi n'kuchiika m'nyimbo yake Noid. Mwana wa mlongo wanga anabwera nayo pafoni, akudabwa kumva Chinyanja m'nyimbo ya ku America. Ndinamukhazika pansi, ndinamuikira 45,000 Volts, ndipo anapempha kuti ndikweze mawu.