Gwero Limodzi, Maso Ambiri: Likoma ndi Mbiri ya Waya wa Kanema

M'nkhani yathu ya mbiri lero tikamba za chinthu chimene ambiri a inu mwachionapo m'mabanki ndi m'maofesi a m'mizinda: mawailesi a kanema angapo opachikidwa pa makoma, onse akuonetsa chithunzi chimodzimodzi chochokera ku kompyuta imodzi imene ili m'chipinda china. Lusoli ndi la masiku ano, koma nzeru yake ndi yakale, ndipo chilumba cha Likoma chinaidziŵa nzeruyo kusanabwere magetsi.

Amishoni a UMCA anakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885. Midzi ya m'mbali mwa nyanja imene ankafuna kuifikira inali yochuluka, pamene aphunzitsi anali oŵerengeka. Choncho anaika makina osindikizira pachilumbapo, ndipo m'chaka cha 1893 Chauncy Maples anayamba kutulutsa nyuzi yotchedwa Nyasa News. Tsamba la phunziro likakonzedwa kamodzi m'chipinda chimodzi, linkafika m'manja mwa ana a sukulu zambiri. Sitima ya Charles Janson, ndiponso ya Chauncy Maples imene inayamba kuyenda mu 1901, ndizo zinkanyamula mabuku ndi aphunzitsi kumka nawo kutsidya. Tinganene kuti nyanja ndiyo inali waya wao.

Tsopano tiwoloke kumka ku maiko a kutali, kumene waya weniweni unayamba kugwira ntchito yomweyi. Ku England, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, wailesi inali yokwera mtengo kwa anthu wamba. Makampani monga Rediffusion ankaika wailesi imodzi yamphamvu pamalo amodzi, nakoka mawaya kumka ku timabokosi tokuzira mau m'nyumba za anthu, amene ankalipira pang'ono sabata ndi sabata. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, mapiri ankatchinga zithunzi za kanema. Mu 1948 anthu anayamba kuimika mlongoti umodzi pamwamba pa phiri, waya nkumatsitsira chithunzi ku nyumba za m'chigwa.

Kwathu kuno mau anadzera mumlengalenga. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja, ndipo kuyambira mu 1949 kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special kanaloŵa m'midzi. MBC inabadwa mu 1964. Koma m'nthaŵi yonse ya ulamuliro wa chipani chimodzi, dziko la Malaŵi linalibe nyumba youlutsira kanema, kufikira pamene Television Malawi inatsegulidwa mu 1999. Apa mbiri ikutionetsa poyera kuti iye amene wagwira gwero ndiye amasankha chimene anthu amve ndi kuona.

Nanga kompyuta inagwirizana bwanji ndi kanema? Mu 1987 kampani ya IBM inatulutsa cholumikizira cha VGA, chimene chinkanyamula chithunzi chokha popanda mau. Cha mu 2003 kunabwera waya wa HDMI, wonyamula chithunzi ndi mau omwe. Mmisiri amatenga waya wochokera ku kompyuta nauloŵetsa m'kabokosi kotchedwa splitter, ndipo kabokosiko kamagaŵira chithunzicho ku mawailesi a kanema aŵiri, anayi kapena asanu ndi atatu. Vuto lake ndi mtunda, pakuti waya wamba wa HDMI ukapitirira mamita 15 chithunzi chimayamba kuthimathima, monga madzi a mumfuleni amachepera akamapita patali. Mu 2010 kunakhazikitsidwa njira ya HDBaseT, imene imayendetsa chithunzi pa waya wolumikizira makompyuta mpaka mamita 100, mtunda wokwanira kuzungulira ofesi yaikulu.

Komatu zonsezi popanda magetsi ndi zitsulo chabe, ndipo apa ndi pamene tibwererenso ku Likoma. Chilumbachi sichinalumikizidwe ku magetsi a mumtsinje wa Shire. Kwa zaka zambiri chinkadalira injini za dizilo, mafuta ake obwera pa sitima, ndipo magetsi ankayaka maola oŵerengeka. Mafuta akachedwa panyanja, maofesi ankagwa mumdima. Mu 2020 bungwe la EGENCO linayamba kupanga magetsi a dzuŵa pa Likoma ndi pa Chizumulu, ndipo kuyambira pamenepo ofesi ya pachilumba ikhoza kuganiza za kompyuta imodzi yotumikira zipinda zingapo, yolengeza za ulendo wa sitima ya Ilala kapena tsiku la katemera wa ana.

Pali zinthu ziŵiri zoti ofesi yotere isaiŵale. Choyamba, kompyuta imodziyo ikafa, makoma onse amada nthaŵi imodzi, choncho mkofunika kusunga bolodi ndi choko pafupi. Chachiŵiri ndicho chachikulu: cholakwa chikalembedwa pa gwero chimafika m'zipinda zonse m'kuphethira kwa diso, ndipo akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Osindikiza a pa Likoma ankaŵerenga tsamba mobwerezabwereza lisanaloŵe m'makina, podziŵa kuti sitima ikanyamuka sangaliitanitsenso. Mlembi wa lero amene wakhala pa kompyuta ali ndi udindo womwewo, ndipo woyang'anira ofesi ayenera kudziŵa bwino munthu amene wamukhazika pampandopo.