Nyumba ya Chinkhwe Imayesedwa ndi Lilime

Munthu wa ku Kamushanga m'tawuni ya Kabwe akapita kwa wowotcherera zitsulo n'kunena kuti, "Amisiri, mundipangireko khola la mbalame," mmisiriyo safunsa zambiri. Mawu akuti khola amuuza kale chopanga: felemu ya zitsulo zotsala pa ntchito ya mageti ndi mawindo, waya wa nkhuku kuzungulira, kachitseko kokhala ndi pokolowekera loko, kenako penti kuti chioneke bwino ponyamula. Ngati mbalameyo ndi nkhunda, palibe cholakwika chilichonse. Koma ngati ndi chinkhwe, ntchito yalakwika moto usanayatsidwe, ndipo wolakwitsa si mmisiri ayi, ndi mawu amene wapatsidwa. Mfundo yanga ndi yakuti mawu athu onse a nyumba za ziweto amayang'ana mpanda, ndiko kuti chotchinga nyama kuti isathawe, pamene nyumba ya chinkhwe ifunika kuiganizira ngati mbale kapena chikho, chinthu chimene chimalowa m'kamwa tsiku ndi tsiku. Ndipo ngati pali tawuni imene anthu ake ayenera kuimva msanga mfundoyi, ndi Kabwe.

Mawu amene tili nawo ndi atatu, ndipo aliwonse anyamula muyeso wa nthawi. Khola ndi malo ogona. Ng'ombe, mbuzi, nkhuku ndi nkhunda zimalowamo dzuwa likamalowa, m'mawa chitseko chimatsegulidwa, moyo wawo weniweni uli kunja. N'chifukwa chake khola lothina silipha chiweto: muyeso wake ndi usiku umodzi. Chitatanga ndi cha paulendo, chija amamangirira kumbuyo kwa njinga nkhuku zitatulutsa makosi popita kumsika, ndipo kuthina kwake ndiye ubwino wake, chifukwa nkhuku zikhalamo maola ochepa chabe. Chikwere n'chimene anyamata amapanga ndi mapesi kapena timitengo kuti asungiremo timbalame togwidwa ndi ulimbo, ndipo chimatha pamodzi ndi chilimwe chimene anachipangira. Pali ena amangoti keji, mawu obwereka amene sauza mmisiri kalikonse. Tsono chinkhwe chotuwa cha ku Congo chimatha kukhala zaka zopitirira 40 chili m'manja mwa anthu. Palibe liwu limodzi mwa awa limene linapangidwira nyama yokhala malo amodzi usana ndi usiku kwa theka la moyo wa munthu. Ndigwiritsa ntchito chikwere poti ndi lokhalo la mbalame zokhazokha, koma tiyenera kulisenzetsa katundu amene silinanyamulepo.

Nalonso liwu lakuti chinkhwe limabisa zambiri. M'nkhalango za miombo kuno ku Zambia muli chinkhwe cha Meyer, chotalika masentimita pafupifupi 22, chokhala ndi timawanga tachikasu pamapewa. Kuchigwa cha Luangwa ndi ku Liwonde ku Malawi kuli kachinkhwe kobiriwira ka nkhope yofiirira kotchedwa ndi dzina la Lilian, ka masentimita 13 kapena 14, kamene kamagona ndi kuswera m'mphako za mitengo ya tsanya. Kummwera chakumadzulo kwa Zambia kuli m'bale wake wa masaya akuda. Ndiye pali chotuwa cha mchira wofiira chija, chimene olankhula Chiswahili amati kasuku, cha masentimita 33 ndi magalamu pafupifupi 400. Kupita kwa mmisiri ndi liwu limodzi la mbalame zonsezi kuli ngati kuuza telala kuti asoke malaya a munthu, osatchula kuti munthuyo ndi khanda kapena ndi agogo.

Chimene zonsezi zikufanana ndi mlomo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Nkhuku imajompha n'kumeza, nkhunda imatola. Chinkhwe chimagwira, kutembenuza chinthu ndi lilime lake lonenepa, kuchisenda, kuchiphwanya. Mapazi ake ali ndi zala ziwiri kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo, ndipo pokwera chimayamba chaluma pamwamba, n'kudzikoka ndi khosi, mapazi n'kutsatira. Mu 2022 akatswiri a ku New York Institute of Technology anayesa mphamvu imene tizinkhwe ting'onoting'ono timagwiritsa ntchito pokwera ndipo anapeza kuti mlomo umagwiradi ntchito ya mwendo wachitatu. Tanthauzo lake kwa wosunga mbalame ndi losavuta: waya aliyense wa chikwere amadutsa m'kamwa mwa chinkhwe kambirimbiri pa tsiku. Chikatopa ndi kukhala, chimasankha pamene mawaya awiri alumikizana n'kuyamba kupakokota, monga mwana amachitira ndi chivundikiro cha cholembera. Chilichonse chimene chapakidwa pawayapo chimatsirizikira m'mimba.

Nanga chapakidwapo n'chiyani? Waya wa nkhuku ndi malata a padenga amawala chifukwa chitsulocho anachiviika mu zinki wosungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 450, kuti chisachite dzimbiri. Nthawi zina m'zinkimo mumatsalira ndi mtovu pang'ono. Zinki ndi mtovu ndi maina amene ku Kabwe safuna womasulira. Miyala yake inapezeka pano mu 1902, malowa n'kutchedwa Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia, ndipo mgodi unagwira ntchito mpaka 1994, tawuni itasintha kale dzina kukhala Kabwe mu 1966. Fumbi limene unasiya likadali m'dothi la ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo ana ambiri apezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Mu 2013 John Yabe wa ku sukulu ya madokotala a ziweto pa University of Zambia ndi anzake a ku Hokkaido anasindikiza zimene anapeza m'nkhuku zoyendayenda pafupi ndi mgodiwu: m'chiwindi ndi m'ziwalo zina munali mtovu wopitirira mlingo wololedwa m'chakudya cha anthu. Chodabwitsa n'chakuti dziko lomwelo limene linabwereka Kabwe dzina ndi limenenso linatchukitsa dzina la matenda amene zinki amayambitsa mwa mbalame. Oweta mbalame ku Australia ankaona mbalame zawo zikudwala atangozisamutsira m'nyumba za waya wonyezimira, ndipo mu 1986 magazini ya madokotala a ziweto kumeneko inalemba za vutoli pa dzina lakuti new wire disease, matenda a waya watsopano. Mbalame imafooka, nthenga n'kufutukuka, imamwa madzi kwambiri, imasanza, zitosi zimakhala zamadzi kapena zobiriwira, mwina n'kuyamba kugwa ngati ya khunyu. Mwini wake amati yalodzedwa kapena yasowa kwawo. Owotcherera nawo amaudziwa zinki m'thupi mwawo: ambiri akawotcha paipi yokutidwa ndi zinki amathamangira kukamwa mkaka, ngakhale mkakawo suchotsa utsi umene walowa kale m'mapapo.

Choncho mawu oyamba amene wogula ayenera kuphunzira si a kukula kwa chikwere, ndi a chimene chili pamwamba pa chitsulo. Chitsulo chosachita dzimbiri, chonga cha masipuni ndi masinki, ndicho chabwino kuposa zonse chifukwa chilibe chokutira choti chisendeke. Chotsatira ndi chitsulo chokutidwa ndi utoto waufa wochita kuwotcha mu uvuni, umene umagwira zolimba kuposa wopaka ndi bulashi, malinga ngati wopanga akutsimikiza kuti mulibe mtovu kapena zinki. Penti yamafuta yotsala m'chitini chopanda pepala ndi yokana, pakuti ina mwa penti zotere imakhala ndi mtovu. Chimodzimodzi mtovu umene okhoma zidebe amamatira pobooka: mbale yamadzi yomatidwa nawo isalowe m'chikwere. Pansi pa chikwere pali msampha wina umene ndi wa ku Kabwe weniweni. Chizolowezi chathu ndi kutapa mchenga kapena dothi pabwalo n'kuwaza pansi kuti zitosi ziume. Kwina kulikonse zimenezi n'zabwinobwino, koma m'tawuni imene ngakhale nkhuku zinapezeka ndi mtovu wa m'dothi, nyuzipepala yakale ndi yabwino kuposa dothi, ndiponso imaonetsa mtundu wa zitosi m'mawa uliwonse. Timitengo toterapo tikhale nthambi zenizeni, monga za gwafa kapena malubeni, zotsukidwa fumbi, zosiyana kunenepa kuti zala zisamapindike mofanana tsiku lonse. Mapolo oviikidwa m'mankhwala a chiswe ndi nthambi za mapeyala ayi.

Wina anena kuti makolo athu aweta nkhunda ndi nkhuku mu waya womwewu zaka zonsezi osaona maliro. N'zoona, ndipo chifukwa chake tachitchula kale: nkhunda siluma waya. Umboni wa khola la nkhunda sungalowe pa mlandu wa chinkhwe. Chotsutsa champhamvu ndi cha mtengo. Chikwere cha chitsulo chosachita dzimbiri ndi chodula, ndipo munthu wa m'komboni amene wauzidwa kuti agule chimenecho kapena asiye, angoseka n'kubwerera kwa mmisiri wake. Apa ndivomereza kuti pali njira yapakati. Oweta ambiri amagwiritsa ntchito waya wa zinki wonenepa, wolumikizidwa mochita kuwotcherera, atauyeretsa ndi bulashi yachitsulo ndi viniga kuti timibulu ta zinki totsalira m'mphambano ndi ufa woyera uja zichoke. Izi zimachepetsa ngozi, sizithetsa, ndipo zimathandiza kwambiri pamene nyumba ndi yaikulu moti mbalame imakhala panthambi osati pawaya. Waya wa nkhuku wopyapyala uja ndiye ayi ndithu, chifukwa chinkhwe chachikulu chimaudula n'kumeza tizidutswa. Ndiye kuti wosowa ndalama za chitsulo chabwino afunika malo aakulu koposa, osati aang'ono.

Zimenezi zatifikitsa pa kukula, pamene chinenero chimatipusitsanso. Tikati chikwere chachikulu, maso amathamangira m'mwamba, ndipo ogulitsa amadziwa zimenezi: chachitali chopyapyala chimaoneka chaulemu pakona ya chipinda. Koma mbalame siuluka chokwera ngati utsi, imauluka chopingasa, kuchoka pa nthambi iyi kupita pa iyo. Liwu lofunika ndi m'lifupi, ndipo muyeso wake ndi mapiko. Chotuwa cha ku Congo chikatambasula mapiko chimafika pafupifupi theka la mita, ndipo chiyenera kukupiza popanda nthenga kukhudza waya, mbale ndi zoseweretsa zili kale m'malo mwake. Mpata wa pakati pa mawaya umayesedwa ndi mutu: pafupifupi sentimita imodzi ndi pang'ono kwa tating'ono tija, masentimita 2 mpaka 2.5 kwa chotuwa. Mutu ukalowa, potuluka nthenga zimakana, mbalame n'kudzipotokola khosi. Chikwere chozungulira ngati nkhokwe chili ndi vuto lomweli kudenga, kumene mawaya amakumana n'kupana chala, komanso chilibe ngodya yoti mbalame yozolowera mphako ibisalepo msana. Pokhazika chikwere, mbaula ikhale kutali, pakuti mapapo a mbalame ali ndi timatumba ta mpweya timene timachititsa kuti utsi uzigwira msanga kuposa munthu.

Chotsutsa chomaliza n'cholemera, ndipo chimabwera mbali ziwiri. Ena ati n'chipongwe kudandaula za mtovu wa mbalame m'tawuni imene ana akudwala nawo. Ine ndikuona kuti mafunso ake ndi amodzi: pentiyi muli chiyani, dothili lachokera kuti, mbaleyi anamata ndi chiyani. Banja limene laphunzira kufunsa zimenezi chifukwa cha chinkhwe lifunsanso za geti limene mwana amaluma. Ena ati chikwere chabwino kulibe, mbalame ndi ya m'tchire. Kwa mbalame imene ikadali m'tchire akunena zoona. Kachinkhwe ka masaya akuda kanagwidwa mwaunyinji m'zaka za m'ma 1920 kukagulitsidwa kunja, ndipo mpaka lero kali m'gulu la mbalame zimene zili pangozi. Mu 2016 msonkhano wa CITES ku Johannesburg unaletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa m'nkhalango, ndipo lamulo la nyama zakutchire la Zambia la 2015 limafuna chilolezo kwa wogwira kapena wosunga nyama yakutchire. Wogula ayenera kufunsa kumene mbalame yachokera asanafunse mtengo. Koma chinkhwe chimene chinaswedwa m'manja mwa anthu, kapena chakhala pakhonde zaka 10, sichidziwa mtengo wa zipatso kapena mthunzi wa kabawi, ndipo kuchitsegulira chitseko ndi kuchipereka kwa mphaka wa pafupi. Chimenecho chikhala m'chikwere basi, ndipo mawa m'mawa chidzayambanso kukwera, mlomo patsogolo, pa waya amene mwini wake anasankha.